Kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka: nyumba ya lendi mukaifune kuti?

Mwana wa mlongo wanga adandiimbira foni mu Okutobala chaka chatha, mawu ali m'mwamba. Ntchito yapezeka, koma ndi ya kuchigwa, yoyendera alimi pa njinga yamoto kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje. Abwana ake adamuuza kuti akhale paliponse pamene wakonda, bola Lolemba m'mawa azipezeka kumunda. "Ndiye amalume, inu paja mudakhalako zaka zambiri, nyumba ndikaifune kuti? Anzanga akuti ku Nchalo ndiye kutauni." Ndidamuuza kuti ayambe wakhazika mtima pansi. Funso lomweli ndalimvapo kambirimbiri kwa aphunzitsi, anamwino ndi a mabizinezi otsika kuchokera kumtunda, ndipo ambiri amalifunsa atalipira kale lendi ya miyezi itatu.

Vuto loyamba ndi mwezi umene iye amafunira nyumbawo. Mu Okutobala chigwa chonse chimafanana. Mitsinje imakhala mchenga wokhawokha, ana akusewera mpira pansi pa milatho, njira zonse zili gwa, ndipo nyumba iliyonse yopaka laimu imaoneka bwino. Khalidwe lenileni la nyumba ya kuno limaoneka mu Januwale ndi mu Febuluwale. Choncho poyerekeza malowa sindiyang'ana kwambiri za penti kapena kuyandikira kwa tala. Ndimafunsa kumene madzi a mvula amalowera, kakomedwe ka madzi akumwa, ndi pamene munthu angagone usiku wa mu Novembala m'nyumba mukakanika.

Mukamatsika mapiri kuchokera ku Blantyre pa msewu wa M1, pali pokhota pena pamene chigwa chimaonekera chonse ngati mphasa yoyala: Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri, kwina konse kuli mbuu. Pofika pa Thabwa, pamene pali rodibuloko ndi mphambano ya msewu wa ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa Shire), mpweya umakhala utasintha kale, juzi ili m'manja. Kuchoka apo dziko ndi lathyathyathya mpaka ku Marka, kumalire a Mozambique, kumene kuli malo otsikitsitsa m'Malawi muno, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Mvula yogwa ku Mwanza, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje imathera kuno. N'chifukwa chake munthu ukhoza kugona kunja kuli nyenyezi, n'kudzuka madzi ali pakhomo.

Tiyambe ndi Chikwawa, pakuti ndiye woyamba kumupeza. Apa pali malo awiri amene alendo amawasokoneza. Mukangowoloka mlatho wa Kamuzu mwafika pa Dyeratu, pamsewu waukulu penipeni, pomwe pali maminibasi, msika, malo odyera ndi omwera, komanso fakitale ya PressCane yopanga ethanol chapafupi. Boma lenilenilo lili chapambali, mumachita kupatuka. Lidamangidwa pamtunda, pamwamba pa gomo loyang'ana Shire, ndipo ubwino wake waukulu ndi womwewo. Kuli ofesi ya DC, chipatala chachikulu cha boma, polisi, khoti, ndi nyumba zakale za boma za makonde otambalala ndi madenga aatali, zozunguliridwa ndi mitengo ya nimu. Amene adamanga nyumba zimenezo adali atalilawa dzuwa la kuno. Mukapatsidwa imodzi chifukwa cha ntchito, musakane poona kuti mawindo ndi othyoka. Galasi amagula, koma denga lalitali simungaligule pa lendi.

Ku boma n'kwa zii. Ikamakwana 8 koloko usiku anthu alowa, kwatsala agalu ndi achule. Wa banja, wa ana a sukulu, kapena amene amapitapita ku Blantyre, komwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, apa ndiye pake. Wokonda mbiri yakale sangasowe kopita Lamlungu masana: manda a amishoni a UMCA, Scudamore ndi Dickinson, amene adamwalira kuno mu 1863, ali konkuno, ndipo msewu womwewo umakafika ku Majete ndi ku mathithi a Kapichira, amene adatsekereza sitima ya Livingstone mu 1859. Pa Kapichira pomwepo ndi pamene namondwe Ana adagumula damu mu Januwale 2022, dziko lonse n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ndi pomwe payambira ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme. Chiyambire ntchito ya ngalandeyi, nyumba zabwino za pampanda ku boma ndi pa Dyeratu sizichedwa kupeza wolowamo. Pa Dyeratu pamayenera wamalonda amene akufuna maso a anthu odutsa, koma asankhe mbali yotalikirana ndi mtsinje, ndipo avomereze kuti nyimbo za kumabala zidzamugoneka ndi kumudzutsa. Kwa mphwangayo Chikwawa ndidamuchotseratu. Munthu woyenera kukafika ku Nsanje pa njinga yamoto sangagone kumapeto kwenikweni kwa dera lake.

Tsono Nchalo. Anzake aja sadaname, ndi tauni ndithu, ngakhale si likulu la boma lililonse. Idakula chifukwa cha shuga. Fakitale idayamba m'zaka za m'ma 1960 pansi pa dzina la SUCOMA, ndipo ngakhale lero ndi Illovo, achikulire ambiri amanenabe kuti "ndinkagwira ku Sukoma". Ndalama ya chigwa chino imazungulira apa. Kuli mabanki, mafiling'i siteshoni, mahadiweya, mashopu a mafoni, chipatala cha St Montfort, ndi akabaza osawerengeka. Pakutha pa mwezi msewu umadzaza moti minibasi imayenda ngati ili pamaliro.

Koma tauni ya Nchalo ndi mzere umodzi wa tala. Mukangolowa kuseri kwa mashopu, mapulani atha. Njira zimakhota motsata mipanda ya anthu, zina zimathera pachimbudzi cha eni ake, ndipo palibe amene angakulondolereni ndi dzina la msewu. Amati "mukafika pachigayo mukhotere kumanja, mudutse mjigo, mufunse pa mlambe". Mlambe, chigayo, tchalitchi, mzikiti ndi mjigo ndiwo maadiresi a kuno. Ndikunena izi chifukwa nyumba ziwiri zotalikirana mphindi zisanu zokha zikhoza kukhala maiko awiri nthawi ya dzinja, ina pouma, ina m'thamanda.

Nyumba za pa Nchalo zili m'magulu atatu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa matauniwa. Za kampani, za mkati mwa esiteti, ndi zabwino kwa amene zawagwera: madzi, magetsi, mitengo, chitetezo. Koma ndi za antchito okha, ndipo tsiku lotha ntchito ndi tsiku loyamba kumanga katundu. Ndawaonapo akuluakulu atapuma ntchito akuyamba lendi ali ndi imvi chifukwa zaka zonsezo sadaumbe njerwa ndi imodzi yomwe.

Gulu lachiwiri ndi la mdadada, zipinda zondondozana pansi pa denga limodzi, bafa ndi chimbudzi n'zogawana. N'zotsika mtengo ndipo zimapezeka msanga, kupatula nyengo yodula nzimbe, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, pamene anthu ochokera m'maboma ena amadzaza paliponse. Mbeta kapena mnyamata woyamba kumene ntchito akhoza kupirira chaka chimodzi. Chimene chimautsa mkangano pa mdadada wa kuchigwa ndi mita ya magetsi. Kumtunda anthu amakangana za ayironi ndi hotipuleti; kuno ndi fani ndi filiji. Wina akagula filiji n'kuyamba kugulitsa mafilizesi ndi madzi ozizira, mayunitsi amatha ngati mchere wagwera m'madzi, ndipo pogawana bilu aliyense amati iye amangotchaja foni. Chinanso, zipinda zambiri za mdadada zili ndi windo limodzi kutsogolo, kumbuyo khoma lokhalokha. Mphepo ilibe potulukira. Chipinda chotero mu Novembala ndi uvuni wa buledi.

Gulu lachitatu ndi nyumba yapayokha ya pampanda. Lendi yake pa Nchalo ndi yowawa poyerekeza ndi ku Ngabu kapena ku Bangula, popeza ofuna ndi ambiri ndipo ena amalipiridwa ndi mabungwe awo. Komabe ngati thumba likulola, mpanda wa kuchigwa si wa akuba okha. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, mabanja ambiri amagona panja, mphasa pabwalo, neti atamangirira ku mtengo ndi ku nsanamira ya khonde. Wokhala ndi mpanda, ngakhale wa bango kapena wa mapesi a mapira, amagona mwaufulu. Wopanda mpanda amasankha pakati pa thukuta ndi kugona poonekera kwa aliyense wodutsa, mbuzi ndi nkhumba zomwe.

Za madzi osefukira pa Nchalo ndili ndi chipsera changa. Chaka china ndidalowa nyumba yokongola, ya njerwa zowotcha, penti yatsopano mbee. Ndidafunsa mwini wake ngati madzi amafika. Adaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kuno ndi kumtunda, madzi amathera uko kwa anzathu." Mu Januwale 2015 tidadzuka pakati pa usiku madzi ali m'mawondo, mabuku akuyandama, thumba la chimanga litamira. Khoma litauma, penti ija idayamba kusupuka, ndipo pansi pake padatuluka mzere wakale wa matope, wowongoka bwino ngati wojambula ndi lula, pamwamba pang'ono pa wa chaka chimenecho. Paja akulu adati madzi saiwala khwawa. Mitsinje yovutitsa dera limeneli si Shire yekha ayi. Mwanza ndi Nkombedzi wa Fodya adadzaza mchenga wochokera kumapiri kumene mitengo idatha, moti madzi akabwera ambiri alibe ngalande yoti atsate, amangomwazikira m'midzi ndi pamsewu. Anthu a kwa Sekeni ndi ku Bereu amaidziwa bwino nkhaniyi. Zidachitika mu 2015, zidabwereza ndi Idai mu Malichi 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo kangapo konse M1 idaduka, katundu n'kukwera mtengo tsiku limodzi.

Ndiye mukamaona nyumba, mwini wake mumvereni mwaulemu, koma umboni mukaufune kwina. Yang'anani maziko: kodi polowa m'nyumba mumakwera masitepe angati? Nyumba imene pansi pake pali pamodzimodzi ndi bwalo isiyeni, ngakhale ikhale ndi matailosi. Zungulirani kuseri, kumene sapaka penti, muone ngati pali mzere. Onani chimbudzi, chikakhala chatsopano pomwe nyumba ndi yakale, funsani chimene chidagwetsa choyambacho. Kenaka pitani kwa amayi ogulitsa tomato kapena makala pafupi, mugule kanthu, muwafunse kuti, "Mayi, nthawi ya Freddy anthu a mbali ino adathawira kuti?" Akakuuzani kuti adathawira kusukulu, mwamva. Akakuuzani kuti anthu adathawira konkuno, mwapeza malo. Safunsa adadya phula.

Kanthu kena ka pa Nchalo kamene alendo amadabwa nako: nyengo yodula, minda ikamawotchedwa, timaphulusa takuda timagwa ngati mvula yowaza. Zovala zoyera zoyanika panja muzizichotsa msanga. Sizopweteka mutu kwenikweni, mumazolowera, monganso fungo la molasesi likamabwera ndi mphepo. Ndipo popeza kuli ngalande zothirira chaka chonse, udzudzu wa pa Nchalo sudziwa chilimwe.

Kupitirira pa Miseu Folo mumafika ku Ngabu, kumene ine ndidamulozera mphwangayo. Ndikudziwa kuti ena aseka, chifukwa Ngabu amatchuka ndi chinthu chimodzi: a zanyengo akamalengeza za kutentha kopitirira madigiri 40, dzina lake silisowa. N'zoona. Masana a mu Novembala ngakhale nkhuku zimayasama pansi pa ngolo. Koma taonani pamene Ngabu ali. Ali pakati, Chikwawa mbali ino, Nsanje mbali iyo. Likulu la zaulimi la Shire Valley ADD lili pomwepo, pamodzi ndi malo a kafukufuku wa mbewu. Ndi dziko la thonje, mapira, mchewere, ng'ombe ndi mbuzi. Nyama ya mbuzi yootcha ya pamsika wa Ngabu ilibe mnzake, ndipo tsiku la msika wa ng'ombe ndalama zimasinthana manja zoti simungaganize poona fumbi lake. Kuli chipatala, masukulu, ndipo tauniyi idatalikirako ndi Shire. Lendi ndi yofewa, mapuloti ndi otakasuka, nyumba zambiri zili ndi bwalo loti mwana athamangepo.

Msampha wa ku Ngabu uli pansi pa mapazi. Dothi lambiri kumeneko ndi makande, lakuda lija lokonda thonje. Chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, dzinja limafufuma n'kumata ngati ulimbo. Nyumba yomangidwa pa makande ndi maziko osaya imavina chaka ndi chaka: khoma limang'aluka kuchokera pakona ya windo, chitseko chimene chimatsekeka bwino mu Seputembala chimakana mu Febuluwale, simenti ya pansi imatukumuka. Mukaona ming'alu yomatidwamatidwa ndi simenti ya mitundu yosiyana, dziwani kuti mwini nyumba akulimbana ndi dothi ndipo akugonja. Ndiponso muyese mtunda wochoka panyumbapo kukafika pa tala kapena pa msewu wa gelevulo. Mamita 300 a makande onyowa ndi okwanira kutseka mateyala a njinga mpaka kuinyamula paphewa, nsapato zili m'manja.

Msampha wachiwiri, umene uli ku Ngabu komanso mbali zambiri za Nchalo ndi midzi ya pakati pake, ndi madzi a mchere. Mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi olawa mchere, ina pang'ono, ina moti ngakhale ng'ombe zimachita kunyinyirika. Sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, tiyi amamveka ngati mwathiramo ndiwo. Mcherewo umakweranso m'makoma, njerwa za m'munsi n'kumayoyoka ufa woyera. Matauni onse asanu, Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, ali ndi mipopi ya Southern Region Water Board, koma si nyumba zonse zolumikizidwa, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali mipopi nayo imatha kuuma. Choncho musanapereke ndalama, pemphani kapu ya madzi a pamjigo umene mudzatungepo mpopi ukauma, mumwe pomwepo. Sizamanyazi. Mjigo wa madzi okoma umadziwika ndi mzere wa zigubu, ndipo anyamata a njinga amagulitsa madzi ake khomo ndi khomo. Ndalama imeneyo muiwerengere pamodzi ndi lendi.

Popeza tafika pa za kutentha, tikambeko za madenga, chifukwa apa ndi pamene anthu a kumtunda amalakwitsa kwambiri. Malata opanda siling'i, makamaka pa nyumba yaifupi, amakuwotchani masana, koma ali ndi kaubwino kamodzi: dzuwa likalowa amazizira msanga. Siling'i imatchinga moto wa masana, koma ikakhala yopanda tiziboo totulutsira mpweya imasunga kutentha mpaka m'bandakucha, ndipo mileme ikalowamo fungo lake simungalithe. Denga la udzu ndiye lozizira kuposa onse, n'chifukwa chake eni dziko ambiri ngakhale amange ya malata amasiya kanyumba kapena chisakasa cha udzu pabwalo chokhalamo masana. Zovuta zake ndi chiswe, moto, zinkhanira, ndi kufolera kawirikawiri. Kwa wa lendi ine ndimati: malata okwera bwino, mawindo oyang'anizana mbali ziwiri, chipinda chogona chisakhale cha kumadzulo, ndipo pabwalo pakhale mtengo. Pakati pa nyumba ya matailosi yopanda mthunzi ndi ya simenti wamba yokhala ndi nimu wamkulu pakhomo, ine ndimatenga ya nimu osaganiza kawiri.

Bangula sindichedwapo. Idali tauni ya njanji ndi ya thonje, polumikizira tsidya lino ndi Chiromo, mpaka madzi a mu 1997 adakokolola njira pa Mtayamoyo. Kwa zaka zambiri wopita ku Makhanga wakhala akudalira bwato. Malonda alipo, makamaka a nsomba za ku Elephant Marsh, mbatata ndi chimanga cha kudimba, ndipo chipatala cha Kalemba chili pomwepo. Koma ndi kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo madzi akavuta Bangula ndiye amasanduka msasa wa anthu othawa kutsidya. Wogula ndi kugulitsa nsomba kapena mbewu akhoza kukhalapo n'kupindula, atasankha mbali ya kumtunda kwa msewu. Za East Bank, monga ku Fatima kumene kuli chipatala cha Trinity ndi minda ya mpunga ya Muona, n'kobiriwira ndipo kuli madzi abwino otsika m'mapiri a Thyolo, koma mitsinje yomweyo ndi imene imadula msewu dzinja lililonse. Kumeneko munthu amakhala chifukwa ntchito yake ili komweko, osati kuti aziyendera chigwa chonse.

Nsanje ndi nkhani ina. Ndi kutali, makilomita oposa 170 kuchokera ku Blantyre, ndipo amene watumizidwa kumeneko abale amamupepesa ngati waferedwa. Koma ndikuuzeni, ambiri olira popita amaliranso pochoka. Tauniyi, imene pa nthawi ya atsamunda inkatchedwa Port Herald, ili pakati pa mapiri ndi mtsinje. Ili ndi misewu yotakasuka, njinga zambiri kuposa magalimoto, chipatala cha boma, ndi siteshoni yakale ya sitima ya pamtunda yokumbutsa masiku amene njanji inkafika ku Beira nkhondo ya ku Mozambique isanaitseke. Kumtsinje kuli chikhoma cha konkire cha doko limene pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegulira mu Okutobala 2010. Sitima zikuluzikulu sizidabwere, ndipo lero ndi pokhala anyamata madzulo ndi poimika mabwato. Kufupi ndi boma kuli nkhalango ya Khulubvi, kachisi wa Mbona, malo amene mlendo salowamo mwachisawawa. Kutentha kukafika posauzana, kukwera ku Chididi kumapiri kumakhala ngati wapita dziko lina.

Pamsika wa Nsanje chiyankhulo ndi Chisena. Chichewa amamva ndipo adzakuyankhani, koma tsiku limene mudzanene "takhuta" polandira chenji, mtengo wa nsomba udzayamba kutsika. Posankha nyumba lamulo ndi losavuta kuposa ku Nchalo, chifukwa mtunda umaoneka ndi maso: mukamayandikira mapiri mukuthawa Shire, ngakhale muyenera kusamala ndi makwawa otsika m'mapirimo, amene amabwera mwaukali ndi miyala. Mukamayandikira mtsinje mukuyandikira dimba, nsomba zotsika mtengo, udzudzu wa ku Ndindi ndi ng'ona. Choipa chenicheni cha Nsanje ndi chakuti msewu wodalirika ndi umodzi. Ukaduka pa Lalanje, pa Thangadzi kapena kumtunda kwa Nchalo, mwatsekeredwa, mafuta ndi ufa n'kuyamba kusowa. Wodwaladwala wofuna madokotala a ku Queens pafupipafupi aganize kawiri.

Ena akangokhala miyezi iwiri, poona kutsika mtengo kwa malo, amafuna kugula puloti. Ine ndimati dikirani dzinja limodzi, kapena awiri. Puloti yotsika mtengo modabwitsa, ya dothi lakuda losalala bwino, yopanda mlambe kapena chulu pafupi, kawirikawiri ndi njira ya madzi. Onani pamene eni dziko adaika manda ndi pamene pali midzi yakale; sadasankhe mwangozi. Pogula musathere pa kugwirana chanza ndi munthu mmodzi. Malo ambiri kuno ndi a makolo, choncho nkhani zotere zidutse kwa amfumu ndi komiti ya malo ya m'deralo. Kalata ikhalepo, mboni za kubanja logulitsalo zikhalepo, apo ayi mudzamanga mpaka pa windo kenaka n'kutulukira mphwake wa wogulitsa uja kuchokera ku Joni. Pomanga, ndalama yambiri ipite pansi: maziko akuya, okwera kufika m'chiuno ngati malowo ndi okayikitsa, omangidwa ndi simenti osati dothi. Zidina n'zotchipa ndipo m'nyumba mwake mumazizira bwino, koma madzi akaima tsiku limodzi khoma limasungunuka ngati chigumu m'tiyi. Nyumba zambiri zimene zidagwa mu 2015 ndi mu 2023 sizidakokoloke, zidangonyowa kumapazi n'kukhala pansi.

Mphwangayo adandimvera zonsezi, n'kunena kuti, "Amalume, ndamva, koma ku Ngabu ine ayi. Ndikaweruka ndizikaonera kuti mpira?" Adasankha Nchalo. Sindidalimbane naye, ndi mnyamata, ndipo banki ndi makaniko wa njinga yake ali pomwepo. Chimene adachita n'chakuti adayamba wakhala mwezi umodzi pa mdadada wa mnzake, akuyendayenda madzulo. Nyumba yoyamba, ya matailosi ndi geti yachitsulo, adaikana atapeza mzere kuseri kwa bafa. Yachiwiri adaikana atalawa madzi. Adalowa yachitatu, yakale, ya masitepe atatu pakhomo, mita yakeyake, mpanda wa bango ndi mitengo iwiri ya nimu, atauzidwa ndi agogo ena ogulitsa masawu kuti nthawi ya Freddy pakhonde pa nyumbayo padagona mabanja anayi.

Mu Febuluwale adandiimbiranso. Mvula idagwa masiku atatu, madzi adafika pachigayo n'kubwerera, kwake kudangokhala matope. Dandaulo lake lidali lina: magetsi akazima, madzi a m'chigubu amatentha ngati a m'bafa. Ndidamuuza kuti Loweruka apite pamsika akagule mtsuko wadothi, auike pamchenga wonyowa pakona ya chipinda, avundikire ndi mbale. Adati akafunsa kaye mtengo wake.